Gumbagumba ya Supersonic yadutsa dzinja la ku Zomba

Nditangoitenga kwa amisiri chilimwe chathachi, ndinalonjeza anzanga okonda mbale zakale za nyimbo kuti ndidzanena mmene gumbagumba ya malume anga izidzakhalira ikalawa mvula ya kuno. Mvula yatha, anthu akukolola, ndipo gumbagumbayo ikuimbabe pabalaza pathu ku Matawale. Koma zomwe ndinkaopa kuti zindivutitsa sizinandivutitse, mavuto atulukira kwina.

Kwa amene simunaione, ndi Supersonic ya kabati yathabwa, ya miyendo inayi, wailesi mbali ina, pozungulira mbale pansi pa chivundikiro. Inapangidwa ku Bulawayo, ndipo malume anabwera nayo m'zaka za m'ma 1970 atatopa ndi ntchito kumeneko. Nthawi imeneyo mabanja ambiri ankamvera wailesi ya Nzeru yopangidwa ku Blantyre, ndipo munthu wobwera ndi gumbagumba kuchokera ku Halale kapena ku Joni ankadziwika mudzi wonse. Chozungulitsa mbale chake ndi cha BSR, kampani ya ku England. Amisiri a pafupi ndi msika wa Zomba anasintha makapasita (tizipangizo tam'kati tosunga magetsi) omwe anauma, anachotsa girisi wakale yemwe anagwira gwa, anaika kawilo kena ka labala ndi singano yatsopano.

Za magetsi m'kati mwake ndilibe dandaulo. Kung'ung'uza kuja komwe kunkamveka musanaike n'komwe mbale sikunabwerere. Ndimangoonetsetsa kuti magetsi akazima ndazula pulagi, chifukwa akamabwera nthawi zina amabwera ndi ukali, ndipo matransisita a nthawi imeneyo simungawapeze pa shopu iliyonse.

Vuto loyamba linayamba mu Januwale, mvula itakakamira, nkhungu itaphimba phiri masiku otsatizana. Ndinaika mbale ya simanjemanje ndipo mawu a amayi oimbawo anayamba kukoka, gitala nkumalira mofooka, kenako nkubwereranso bwino. Chifukwa chake n'chakuti BSR yotere ilibe lamba. Mota imazungulitsa kawilo ka labala, kawiloko nkumakankha m'mphepete mwa chitsulo chonyamula mbale cham'kati. Chinyontho chikasakanikirana ndi fumbi ndi timafuta, kawilo kamaterereka, liwiro la 45 (maulendo omwe mbale imazungulira pa mphindi imodzi) nkutsika. Nditapita kukadandaula, amisiri aja sanatsegule n'komwe bokosi lawo la zida.

"Achimwene, iyi siyofunika ine ayi," anatero. "Zulani chitsulocho, mupukute m'kati ndi kansalu konyowetsa sipiriti, mupukutenso kamtengo ka mota. Labalayo musaigwire ndi zala za mafuta. Komanso muzisiya imalize yokha kuzima, musamangoizula ili pakati pa nyimbo. Kawilo kakagona kotsamira chitsulo kamabonyoka, ndiye muzidzamva gu, gu, gu mpaka kalekale."

Ndinachita momwemo, ndipo kuyambira pamenepo ndimapukuta mwezi ndi mwezi. Ntchito yake siitha mphindi zambiri.

Nkhani ya singano ndiyo ndikufuna muimvetse, chifukwa ndi imene ingakuwonongereni chuma chenicheni, chomwe ndi mbale zanuzo. Gumbagumba mungaikonze kangapo, koma mbale ikakumbika mizere yapita. Singano yomwe anandiikira ndi ya safaya, ija yotembenuza, mbali ina yolembedwa LP (ya mbale za 45 ndi 33) mbali ina 78. Safaya imatha msanga, pafupifupi maola 50 akuimba, pomwe ya dayamondi imapirira maola mazana angapo. Ndipo singano yakutha siichenjeza mokuwa. Imayamba ndi kusasa pang'ono kumapeto kwa mbale, pafupi ndi pepala lapakati, makamaka woimba akakweza mawu. Mukamva zimenezo imani pomwepo. Mkono wa gumbagumba zotere umalemera magalamu 5 kapena kuposerapo pa mbale, pomwe makina a masiku ano amakhala cha m'ma 2. Kulemera kumeneko pa nsonga yosongoka molakwika ndiko kumapala mizere. Ndaona anthu akumangirira kobiri pamutu pa mkono kuti singano isamadumphe. Chonde musatero. Ikamadumpha ndiye kuti mbale ndi yakuda, kapena kabati yapendekeka, kapena singano yatha. Yanga inasiya kudumpha nditangoika kachidutswa ka katoni pansi pa mwendo umodzi, popeza simenti ya pabalaza pathu siyofanana.

Mbali ya 78 ija musaigwiritse pa mbale za 45 ndi 33. Nsonga yake ndi yonenepa, inapangidwira mizere ikuluikulu ya mbale za galamafoni.

Chinyontho chinafikanso m'mbale zenizenizo. Mu Febuluwale ndinapeza zikuto zina zitachita chuku, ndipo chukucho chinalowa m'mizere, choyera ngati ufa wa kondowole. Ndinatsuka imodzi imodzi ndi madzi ozizira ndi kadontho ka sopo wotsukira ziwiya, kupukuta motsatira mizere, osanyowetsa pepala lapakati, nkuziimika kuti ziume pamthunzi. Zambiri zinabwerera mwakale. Sipiriti yemwe ndatchula uja asayandikire mbale za 78, amazisungunula. Panopa zonse ndimaziimika chilili pa shelefu yotalikirana ndi khoma komanso ndi malata, chifukwa kutentha kwa Okutobala nakonso kumapinda mbale zosanjikizana. Kabati ndinaichotsa kukhoma la kunja komwe kumanyowa, ndipo ndimasuzumira kumbuyo kwake kawirikawiri, poti mphemvu zimakonda kufunda kwa m'menemo.

Chomwe chimasangalatsa alendo kwambiri ndi kusintha mbale yokha. Mumasanjika timbale ta 45 pa mtengo wapakati, kamodzi kakatha mkono umanyamuka, umabwerera pambali, kena kamagwa, mkono nkutera bwinobwino poyambira. Mwana wa achemwali anga, yemwe nyimbo amazidziwira pa foni, anakhala pansi maso ali pa mkonowo mpaka timbale tonse tinatha, nkundifunsa kuti, "Amalume, ikudziwa bwanji kuti nyimbo yatha?" Ndinamuonetsa mzere womaliza uja womwe umakokera mkono pakati msangamsanga, nkukhudza kachitsulo kapansi. Mulibe kompyuta m'menemo, ndi magiya ndi masipuling'i basi. Nzeru yomweyi ndi ya ma jukebox a m'mabala akale, oponya ndalama nkusankha nyimbo. Mbale ya 45 inatulutsidwa ndi kampani ya RCA Victor mu 1949, ndipo mu 1950 kampani ya Seeburg inatulutsa jukebox yoimba mbale zoterezi zokhazokha. Timbale tina tili ndi bowo lalikulu pakati, ndipo pa BSR timafuna kapulasitiki kotsekera bowolo. Komabe mbale zomwe ndimazikonda kwambiri sindizisanjika, ndimaika ndi manja, chifukwa zikamagwerana zimakhulana.

Wailesi yake ndiyo yandikhumudwitsa. Ilibe FM, pomwe nyumba zoulutsira mawu zomwe timamvera masiku ano zili pa FM. Usiku pa shortwave imakoka mawu a kutali, koma mababu a LED ndi machaja a foni amabweretsa phokoso lambiri moti ndinasiya kulimbana nayo.

Anzanga angapo andiuza kuti ndichotse zam'kati zonse ndiikemo Bluetooth. Ndakana, ndipo ndikana mpaka kale. Kabati yopanda mtima wake ndi bokosi chabe. Mawu a gumbagumbayi si akuthwa monga a masipika atsopano, zoonadi, ndipo besi yake siigwedeza mawindo. Koma rumba, kanindo ndi kwela za nthawi ija zinkamvedwa pa makina oterewa, ndipo gitala ndi mawu a munthu zimatuluka zofunda, zodzaza chipinda, mungathe kucheza zikuimba osakuwirana.

Ndiye kodi ndingalimbikitse wina kukonzetsa yake? Ngati muli ndi mbale kale, kapena mukudziwa kwa agogo komwe zili m'sutikesi, inde, musazengereze. Ngati mulibe, ganizani kawiri, chifukwa mbale zabwino kuno n'zosowa kuposa makinawo. Musanalumikize yomwe yakhala zaka osayaka, apite nayo kaye amisiri aone makapasita ndi nthambo yamagetsi. Ndipo ikakhala yochokera ku America muwerenge kumbuyo kwake: magetsi athu ndi a 230V pa 50Hz, awo ndi a 120V pa 60Hz. Ngakhale mutagula thiransifoma, mota yake izungulira mochedwa, mbale ya 45 nkumayenda pa 37.5. Za ku Bulawayo, Joni ndi England zilibe vuto limeneli.

Ine pakadali pano ndatuma munthu wopita ku Johannesburg kuti akandifunire singano ya dayamondi yogwirizana ndi mutu wa BSR, ndi kawilo kena ka labala kosungira.