Swagger UI: batani la Execute limagwiradi ntchito, chenjerani nalo

Kwa miyezi ingapo API yathu (njira yomwe mapulogalamu ena amalankhulira ndi seva yathu) ndinkaifotokoza m'fayilo wamba yomwe ndinkatumizira mnyamata wopanga apu ya pafoni. Ndikasintha dzina la field imodzi mu code, fayiloyo inkatsala m'mbuyo, ndipo m'mawa mwake uthenga unkabwera: "Akulu, ikungobweza error 400, ndalakwitsa pati?" Nthawi zambiri wolakwa ndinali ine.

Ndipamene ndinayesa Swagger UI. Ndi yaulere, code yake ili poyera pansi pa laisensi ya Apache 2.0, ndipo ntchito yake ndi imodzi: kuwerenga fayilo ya OpenAPI (fayilo yofotokoza API yanu) yolembedwa mu YAML kapena JSON n'kuisandutsa tsamba loti munthu azidinapo. Maina awiriwa, Swagger ndi OpenAPI, anandisokoneza poyamba. Swagger anaiyambitsa Tony Tam ku kampani ya Wordnik, ndipo inatuluka mu 2011. SmartBear itaitenga mu 2015, malamulo a kalembedwe anapita ku OpenAPI Initiative ya Linux Foundation n'kutchedwa OpenAPI, koma zida zinatsala ndi dzina lakale.

Kuyika sikunanditayitse nthawi. Ndinatenga swagger-ui-dist pa npm, n'kuilozera ku fayilo yanga, basi. Ndi HTML, CSS ndi JavaScript zokhazokha, sifuna database. Ogwiritsa ntchito FastAPI, chida cha Python chopangira ma API, amaipeza ili kale pa /docs.

Tsamba lake ndi losavuta kulitsatira. GET (kutenga) ndi yabuluu, POST (kutumiza) yobiriwira, DELETE (kufufuta) yofiira. Ukatsegula endpoint (adiresi imodzi ya mu API) n'kudina "Try it out", umalemba zomwe ukufuna kutumiza, kenako Execute. Pansi pake pamabwera yankho lonse: status code, ma header, JSON yomwe seva yabweza, komanso lamulo la curl (mzere wotumizira request yomweyo kuchokera pa terminal) loti ukopere. Curl imeneyi ndi yomwe ndimaikonda kwambiri. Mnzanga wa apu uja akakumana ndi vuto masiku ano amangonditumizira mzerewo, ine n'kuuthamangitsa pa kompyuta yanga, ndipo mkangano wa "kwa ine zikuyenda" umathera pomwepo.

Tsopano za batani lija. Execute si sewero ayi, imatumizadi request ku seva yomwe yasankhidwa. M'fayilo ya OpenAPI muli gawo la servers, ndipo yomwe ili pamwamba ndi yomwe tsamba limayamba nayo. Ine mwaphuma ndinaika seva yeniyeni pamwamba, yoyeserera pansi. Mnzanga anafuna kuona mmene DELETE imayankhira, analemba id yomwe inamubwerera m'mutu, n'kudina. Inabweza 204 bwinobwino, kutanthauza kuti zatheka, ndipo oda ya kasitomala weniweni inapita. Tinaibweza kuchokera ku backup, koma tsiku limenelo thukuta linandituluka. Mlandu unali wanga, chidacho chinangochita zomwe chinauzidwa. Kuyambira pamenepo seva yoyeserera ndi yomwe ili pamwamba, ndipo pa tsamba lomwe anthu akunja amaliona ndinaika setting ya supportedSubmitMethods kuti GET yokha ndiyo iziyesedwa.

China chomwe chingakuzunguzeni mutu ndi CORS. Tsamba likakhala pa domain ina, API pa ina, browser imatsekereza yankho ngati seva sinalole domain ya tsambalo, ndipo mumangoona "Failed to fetch". Ili ndi lamulo la browser, ndiye kokonza ndi ku seva. Komanso token (kiyi yolowera) yomwe mwaika pa batani la Authorize imasowa tsamba likatsegulidwanso, pokhapokha mutayatsa setting ya persistAuthorization. Kachinthu kakang'ono, koma ukamata token kachisanu m'mawa umodzi umayamba kudziyankhula wekha.

Pomwe ndimaiona yofooka ndi pa nkhani zazitali. Ma endpoint akachuluka tsamba limatalika zedi, ngakhale ma tag, filter ndi docExpansion zimathandizako. Pofotokozera mlendo dongosolo lonse, kuti alowa bwanji, ayambira pati, ma error akutanthauzanji, Redoc, chida china chowonetsera fayilo yomweyo, imawerengeka bwino ndi magawo ake atatu, kungoti yaulere ilibe poyesera. Ine ndinasankha yokhala ndi poyesera.

Dziwaninso kuti Swagger UI siyang'ana ngati fayilo ikugwirizana ndi code yanu. Mukalemba bodza, iwonetsa bodzalo mokongola. Pachifukwachi ndinasiya kulemba YAML pamanja, tsopano imapangidwa kuchokera mu code nthawi iliyonse tikamatulutsa zatsopano. Ngati fayilo yanu ndi ya OpenAPI 3.1, yomwe inatuluka mu 2021, tengani Swagger UI 5 kapena yoposa pamenepo, chifukwa zakale siziiwerenga.

Ndingailimbikitse kwa aliyense amene API yake imagwiritsidwa ntchito ndi anthu ena, ngakhale atakhala awiri okha. Mnyamata wa apu uja amandifunsabe mafunso, koma tsopano amakhala oti endpoint yakuti ituluka liti.