Miyezi 10 chisinthireni tcheni ya injini pa Sienta yanga, nayi mmene zakhalira

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti kodi ija Sienta inachira kapena mwangoizolowera, ndiye ndati ndilembe kamodzi. Papita miyezi 10 chisinthireni timing chain, tcheni ija yoyendetsa mavalavu a injini pa nthawi yake, ndayendapo makilomita pafupifupi 12,000, ndipo ndadikira dala kuti June ndi July adutse kaye chifukwa kuno ku Zomba injini imaulula matenda ake nthawi yozizira, osati tsiku lomwe watulukira nayo ku galaja mtima uli mmwamba.

Galimotoyo ndi ya 2008, injini yake 1NZ-FE ija ya 1.5 yomwe ilinso mma Corolla ndi ma Probox ambiri. Ilibe lamba wa timing, ili ndi tcheni, ndipo anthu amakonda kunena kuti tcheni siitha. Imatha abale. Imachedwa chabe.

Zinayamba mu June chaka chatha. Ndikailiza mmamawa ku Matawale kuno, chifunga chili tolo paphiripo, inkachita phokoso ngati wina akukhutchumula miyala mchitini, khwerererere, masekondi awiri atatu kenako zii. Masana yatentha kulibe kanthu. Ndinangoti ndi kuzizira. Pofika August phokoso lija linayamba kumvekanso ndikaima pa mzere wa mafuta injini ikungolira payokha, mafuta inayamba kumwa ngati yabooka, ndipo tsiku lina ndikukwera ku Ku Chawe ndi alendo anayi inkachita kukoka movutika pamakhota paja pomwe kale inkangodutsa, kenako nyali yochenjeza ya check engine ndi iyo yayaka.

Makaniko woyamba anasintha mapulagi. Palibe chinasintha. Anati ndi lamba wa alternator, tinagula, phokoso lili pompo. Sindikuwada ayi, koma sanafufuze, ankangoganizira ndipo ndalama zinkapita zanga. Amene anandithandiza ndi madala ena a ku Chinamwali, ndipo mmene anachitira ndi zomwe ndikufuna muzimve bwino. Anati galimoto igone pagalaja pawo kuti aimve yozizira. Mmawa anachotsa lamba uja nkuiliza kanthawi kochepa, osafika mphindi, poti wota pampu siyenda lamba akachoka. Phokoso linalipobe, ndiye alternator ndi wota pampu zapulumuka pamlandu. Anatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pachivundikiro cha tcheni chigwiriro pakhutu, nkundipatsa kuti mverani nokha achimwene. Zinkamveka kuti chinthu chikumenya mkatimo. Ataika kompyuta inatulutsa P0016, kutanthauza kuti crankshaft (shafuti yozunguzidwa ndi mapistoni) ndi camshaft (shafuti yotsegula mavalavu) sizikugwirizana nthawi yake.

Koma sanathamangire kunena kuti tcheni. Anati khodi imeneyi imabweranso sensa ikafa, kapena kasefa kakang'ono ka oyilo wopita ku VVT-i, makina osintha nthawi yotsegukira mavalavu, kakatsekeka. Anakatulutsa kasefako, kanali kakuda bii, anakatsuka, khodi inabweranso patatha masiku awiri. Apo mpomwe anatsegula chivundikiro cha pamwamba nkuzungulitsa injini ndi sipanala mpaka chizindikiro cha pa pulley chifike pa 0, ndipo zizindikiro za pa magiya a camshaft zinali zitatsalira pang'ono. Mkatimo munali zinyalala zakuda zomata ngati phula. Anandiyang'ana nkufunsa, oyilo mumasintha liti bambo? Ndinawauza zoona, nthawi zina ndinkapitirira makilomita 10,000 ndisanasinthe, ndipo ndinkathira 20W-50 chifukwa aliyense amati galimoto yakale imafuna oyilo wolimba, kangapo konse ndinagulako wa mmabotolo osadziwika uja wa mmbali mwa msewu ndalama zikavuta.

Apa ndiime pang'ono chifukwa ndi pomwe pagona nkhani. Tcheni sikuti imatamuka ngati mphira. Timapini tolumikiza mfundo zake ndi tomwe timadyeka oyilo akakhala wakuda, kamodzi kamodzi pang'ono pang'ono, ndiye ukaphatikiza mfundo zonsezo tcheni imapezeka yatalika. Tenshona yomwe imaikunga imadalira mphamvu ya oyilo, usiku oyilo amatsikira ku sampu, mmawa tcheni yolendewera ija imamenya magayidi omwe imatsetserekapo mpaka pampu itakweza oyilo. Oyilo wolimba pozizira amachedwa kukwera. Ndiye phokoso la mmamawa lija linali limenelo, ndipo ukalilekerera tcheni imatha kudumpha mano, mavalavu nkugundana ndi mapistoni, apo ndiye nkhani ya injini yonse.

Ena anandiuza kuti ingogulani injini ina ya half cut, yochotsedwa m'galimoto ina yakale yodulidwa pakati, muike basi. Ndinakana ndipo mpaka pano sindikudandaula. Yangayi ndikuidziwa, siinkatulutsa utsi, compression madala aja atayeza inali bwino masilinda onse anayi, pomwe injini yogulayo sudziwa kuti mwini wake ankaisamala bwanji, mwina nayonso tcheni yake ili panjira yomweyo.

Masipeya ndinakagula ku Limbe. Mitengo sinditchula, chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 mtengo wa lero si wa mawa. Panali seti yotchipa yopanda dzina ndi ina ya ku Japan yodula kwambiri, ndinaluma mano nkutenga yodulayo: tcheni, tenshona, magayidi awiri, giya ya pa crankshaft, ndi oil seal yakutsogolo. Osagula tcheni yokha chonde. Gayidi wanga wina anali atakumbika mizere yakuya, tcheni yatsopano pa chinthu chotero ndi kutaya ndalama. Ntchito inatenga masiku awiri chifukwa pa injini imeneyi uyenera kuchotsa mounting ya mbali ya tcheniyo, pulley, wota pampu, ndipo pampu ya oyilo ili mchivundikiro momwemo. Tcheni yatsopano ili ndi mfundo zopaka utoto zoti zigwirizane ndi zizindikiro za pamagiya, madala aja anazungulitsa injini ndi manja kawiri asanatseke kuti atsimikize. Tinagwetsanso sampu nkutsuka sefa yokokera oyilo. Titayala tcheni yakale pambali pa yatsopano kusiyana kunkaoneka ndi maso.

Tsopano za miyezi 10 ija. Sabata zitatu zoyamba zinali bwino kwambiri, kenako ndinayamba kuona timadontho ta oyilo pansi pomwe ndimaimika. Mtima unagunda. Kunali kudontha pa ngodya ya chivundikiro cha tcheni, chija sichikhala ndi gasiketi, amamata ndi silikoni, ndipo imafuna pamalo pakhale poyera popanda oyilo komanso injini isalizidwe kwa maola osachepera awiri. Ife tsikulo tinafulumira chifukwa ndinkafuna galimoto madzulo omwewo, mbali ina ndi ine ndinawapanikiza. Anatsegulanso osandilipiritsa, ndinangogula silikoni, nthawi imeneyi inagona usiku wonse. Sinadonthenso, ndipo dzinja lonse ndayenda nayo mmatope a ku Jali, Blantyre kawiri pamwezi pa M3, Liwonde kangapo, pansi pali gwa.

Mphamvu inabwerera, izi ndiye zosakayikitsa. Ku Chawe ikukwera ndi anthu asanu osadandaula. Kamwedwe ka mafuta kanatsika kufika pomwe kankakhala ndisanayambe kuvutika, ulendo wa ku Blantyre ndi kubwerako singano siikugwa ngati kale. Check engine sinayakenso.

Koma mu June wa chaka chino, mmawa wina wa chiperoni, ndinamva krrr, kamodzi, osafika sekondi. Ndinakhumudwa zedi, ndinati ndalama zonse zija zapita mmadzi. Madala aja atamvetsera masiku awiri anati si tcheni iyi, ndi giya ya VVT-i ya pa camshaft ya intake, mkati mwake muli kapini kotseka injini ikazima, kakadyeka giyayo imagwedera mpaka oyilo afike. Nthawi ija anandiuza kuti tisinthiretu ndinakana poti thumba linali litauma. Mwayi wake chivundikiro cha 1NZ chili ndi kabowo kofikira pa tenshona, ndiye anamasula tcheni kudzera pamenepo nkusintha giyayo osagwetsanso zonse. Ndikanakhala ndikuyambiranso ndikanaigula tsiku limodzi ndi tcheni, ngakhale kukongola kumene.

Pano ndimathira 5W-30, malita 3.7 pamodzi ndi fyuluta, pa 5,000 iliyonse, ndipo ndimalemba pakapepala nkumata pachitseko. Ndasinthapo kawiri kuwonjezera pa kusintha kofulumira komwe tinachita pa 1,000 kuti zinyalala zotsalira zituluke. Amene amati oyilo wopepuka injini yakale imamumwa, yanga pakati pa kusintha ndi kusintha dipisitiki imatsika pang'ono chabe, sindinawonjezerepo. Ndikailiza mmawa ndimaisiya kaye theka la mphindi osaponda mafuta.

July yense uno yakhala ikugona panja, mmawa galasi lili ndi mame, ndikatembenuza kiyi ikungolira myaa. Nthawi yosinthanso oyilo ikakwana, tagwirizana ndi madala aja kuti tsikulo titsegulenso chivundikiro cha pamwamba tione ngati phula lija likuchoka.