Amagwira msewu ngati ulimbo, koma anathera mkati ine osadziwa: nyenyezi zitatu mwa zisanu

Matayala awa ndayenda nawo miyezi 14, makilomita pafupifupi 17,000, pa galimoto yanga ya zitseko ziwiri, zija ambiri timangoziti sports car, yomwe mphamvu yonse ya injini imathera ku matayala akumbuyo. Ndikuwapatsa nyenyezi zitatu. Mukanandifunsa mwezi woyamba ndikanati zisanu, mosajejema. Mukanandifunsa tsiku limene amakaniko anandiitana kuti ndikasuzumire kunsi kwa galimoto, ndikanati imodzi, nayonso yopereka monyinyirika. Ndadikira dala milungu itatu kuti mtima uyambe wakhala pansi ndisanalembe. Dzina la kampani sinditchula chifukwa nkhani yanga ndi iwo sinathe, komanso zimene ndaona zingagwere aliyense amene waika matayala a gulu limeneli.

Kutsogolo ndi 245/35 R19, kumbuyo 275/30 R19, chilembo cha liwiro ndi Y, kutanthauza kuti anayesedwa mpaka makilomita 300 pa ola. Ine kumeneko sindinayandikeko, ndipo ndilibe nako ntchito.

Zabwino ndisabise. Pamsewu wouma matayala awa ndi chilombo. Pali kona ina imene ndi matayala akale galimoto inkachita ngati ikufuna kutaya mbuyo. Ndi awa imangopinda mwaulemu, chiwongolero chikumvera ngakhale mutangochikhudza. Tsiku lina lole inaima mwadzidzidzi kutsogolo kwanga, ndinaponda mabuleki mpaka pansi, galimoto n'kuima patatsala mpata woti munthu n'kudutsapo. Ndi matayala akale aja ndikukhulupirira kuti tikanamva zina. Pamvula, miyezi yoyambirira, analinso bwino. Pa kapepala kamene kamamatidwa pa tayala latsopano, kaja mayiko a European Union anayamba kulamula mu 2012, kagwiridwe ka pamsewu wonyowa kanali pa A, ndipo sanandinamize. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti rabala wake safuna kuzizira. Kunja kukatsika pansi pa madigiri 7 amauma, ndipo m'mawa makilomita oyamba kumbuyo kumaterera mukaponda mafuta mopupuluma.

Vuto linayamba ngati kaphokoso chabe. Ndikafika cha m'ma 100 pa ola, kumbuyo kunkamveka kung'ung'udza ngati mu buti mwalowa njuchi. Ndinatsika, n'kuzungulira galimoto monga timachitira tonse: kuwerama pang'ono, kuyang'ana mano a tayala, kulimenya ndi nsapato. Zonse zinkaoneka bwino. Mano ali chiimire, mpweya uli wokwana. Ndinati mwina ndi beyaringi, ndipita kugalaja mwezi ukatha. Ndinayendabe milungu iwiri, ulendo wina wautali ndili ndi mayi akunyumba pambali panga.

Kugalaja anaikweza galimoto m'mwamba. Amakaniko ake ndi bambo wachikulire wosakonda zolankhulalankhula. Anazungulitsa tayala lakumbuyo kumanzere ndi dzanja, n'kuliimitsa, n'kundikodola.

"Bwana, muli ndi ana?"

Ndinaseka. Iwo sanaseke. Anandigwira dzanja n'kulipititsa kuseri kwa tayala, mbali yoyang'ana mkati mwa galimoto. "Pang'onopang'ono, angakubayeni." Ndinamva kusalala ngati botolo, kenako timinga. Atawalitsa tochi ndinaona lamba wa zala zitatu m'lifupi kuzungulira tayala lonse, mano atatheratu, ndipo malo awiri mawaya achitsulo atatuluka, atayangalala ngati bulashi yakutha. La kumanja linali lisanafike pa mawaya koma linkalowera komweko. Anatenga kopimira: m'mphepete mwa kunja mamilimita 4, pakati 3, mkati palibe. Malamulo a ku United Kingdom ndi mayiko a European Union amati mano asatsike pansi pa mamilimita 1.6. Mbali imene ine ndinkayang'ana inali yokhoza mayeso bwinobwino. Akuluakulu sananame, chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ndinakhala pa benchi kwa kanthawi osalankhula, ndikuganiza za ulendo wautali uja ndi liwiro limene ndinkathamanga.

Bambo aja ndi amene anandifotokozera zimene wogulitsa akanayenera kundiuza tsiku loyamba. Galimoto zaliwiro zambiri amazipanga matayala atapendekera mkati cha kumwamba, amakaniko amati negative camber. Cholinga chake n'chabwino: mukamakhota mwaliwiro galimoto imatsamira kunja, ndiye tayala lakunjalo limakhala pansi lonse n'kugwira mokwanira. Koma ndani amakhalira kukhota tsiku lonse? Ambiri a ife tikuyenda msewu wowongoka kupita kuntchito, ndipo pamenepo kulemera kumatsamira m'mphepete mwa mkati. Ndiye pali china chimene amati toe, kaloza ka matayala, kaya akuyang'anizana pang'ono kaya akuthawana. Chimenechi chikasokonekera, ngakhale pang'ono posaoneka ndi maso, tayala limayenda likukwekwesedwa chammbali, ndipo pamodzi ndi kupendekera kuja chimadya mbali yamkati ngati tupa. Onjezerani rabala wofewa, amene ndiye chinsinsi cha kagwiridwe kaja, komanso injini yokankhira kumbuyo. Pa galimoto wamba mumatha kusinthanitsa akutsogolo ndi akumbuyo kuti athere limodzi. Pa yangayi n'zosatheka chifukwa masaizi ndi osiyana.

Apa ndiye pamene pachoka nyenyezi yoyamba. Sindikudandaula kuti atha msanga. Tayala logwira chonchi silingakhale zaka ngati la pikapu, ndipo anzanga amene amalira kuti awo sanafike makilomita 20,000 ndimawauza kuti munagula kagwiridwe, simunagule moyo wautali. Chondiwawa n'chakuti anathera pobisika, pa galimoto yotsika moti dzanja sililowa bwino pakati pa tayala ndi bodi, ndipo palibe anatsegula pakamwa. Wogulitsa anadziwa galimoto imene akuikapo. Mawu ochepa chabe, akuti "muzigwada n'kuyang'ana mkati", akanakwanira.

Nditapita kukadandaula ndi pamene ndinaona masewera. Ogulitsa anati kutha mbali imodzi si vuto la tayala, ndi alayimenti, kupendekera ndi kuloza kwa matayala kuja, choncho waranti siikhudzidwa. Anthu a alayimenti anatulutsa pepala lawo la tsiku loika matayala, manambala onse ali obiriwira, akuti anatsata muyeso wa opanga galimoto. Opanga galimoto, kudzera kwa owaimira, anati matayala si awo, kafunseni kampani ya matayala. Kampani ya matayala inapempha zithunzi, ndinatumiza, inapemphanso lisiti, ndinatumiza, kenako zii. Aliyense waulemu, aliyense akuloza mnzake. Mnyamata wina pakauntala anafika pondifunsa kuti, "Koma achimwene, simumapita nayo kumpikisano?" Ndinamuuza kuti mpikisano wanga ndi wofika kuntchito bwana asanafike. Eni galimoto zotere amene ndacheza nawo akudandaula zofanana: mkati kutha, zotupa m'mbali, malimu kupindika, ndi kutumizidwa uku ndi uku.

Wina anganene kuti nanga kagetsi ka matayala pa dashibodi sikanayake? Ayi, ndipo sikakanayaka. TPMS, chipangizo chimene chimayatsa kagetsiko, imaona mpweya basi, siona mano. Ndi bwino kudziwa kumene inachokera. Mu 2000 kampani ya Firestone inaitanitsa matayala 6.5 miliyoni ku United States chifukwa chikopa chakunja chinkasupuka galimoto ili paliwiro, makamaka pa Ford Explorer, ndipo anthu anafa. Chaka chomwecho dzikolo linakhazikitsa lamulo la TREAD Act, ndipo kuyambira September 2007 galimoto zing'onozing'ono zatsopano kumeneko zinayenera kukhala ndi chochenjeza za mpweya. Ku European Union lamulo lotere linagwira galimoto zing'onozing'ono zonse zatsopano kuyambira November 2014. Koma muyeso wa ku America umalola kagetsiko kudikira mpaka mpweya utatsika ndi 25 peresenti. Ngati pachitseko palembedwa 2.4 bar, mutha kufika pa 1.8 kagetsi kali chete. Ndipo pa tayala lopyapyala chonchi maso sakuthandizani: m'mbali mwake ndi molimba moti lingakhale litaphwa ndithu koma likuoneka lonyada. Gulani kopimira kanu, muzipima matayala asanatenthe, ndipo muzitsata nambala ya pachitseko cha dalaivala, osati yolembedwa pa tayala, chifukwa imeneyo ndi malire a pamwamba.

Nyenyezi yachiwiri inachoka chifukwa cha m'mbali. Nambala 35 ija ikutanthauza kuti kutalika kwa m'mbali ndi 35 peresenti ya mamilimita 245, ndiye pafupifupi mamilimita 86. Lakumbuyo ndi 82 ndi theka. Tayala wamba la 195/65 lili ndi pafupifupi 127. Kusiyana kumeneko ndiye katsamiro kamene mulibe. Mwezi wachisanu ndi chitatu ndinagunda dzenje limodzi usiku, losazama kwenikweni, pa liwiro la m'tauni. Kunamveka "gu!" mpaka mano anga anagundana. M'mawa ndinapeza chotupa ngati dzira pa tayala lakutsogolo kumanja. Limu linapana rabala n'kudula ulusi wamkati, mpweya n'kumakankha chikopa chokha. Chotere sichimatidwa. Bowo la msomali pakati pa mano, losaposa mamilimita 6, amatha kukonza, koma m'mbali ayi, tayala limenelo latha basi. Kunena chilungamo, ili ndi vuto la saizi kuposa la kampani, ndipo aliyense wogula malimu akuluakulu chifukwa chokongola adziwe kuti akugula ndi zimenezi. Komabe matayala amene ndinali nawo kale, saizi yomweyi, anagundapo maenje oposa apa osatupa.

Ndipo musaiwale kuti galimoto zambiri zotere zilibe sipeya. Mu buti mwanga muli kabotolo ka mankhwala omata ndi kapampu. Pa msomali zimathandiza. Tayala likang'ambika m'mbali, kabotoloko n'kokongoletsa chabe, muyimbire galimoto yodzakunyamulani, ndipo muwauze kuti yanu ndi yotsika, apo ayi bampala itsala pamsewu poikweza. Ena amathawira ku ma run-flat, amene amalola kuyenda makilomita pafupifupi 80 pa liwiro losaposa 80 mpweya utatha. Ndinakwerapo ya mnzanga yokhala ndi amenewo, msana unandiuza kuti ayi.

Chinthu china ndinachitulukira mochedwa, ndipo apa ndikudziimba mlandu ndekha. Pambali pa tayala pali mzere woyamba ndi zilembo DOT, ndipo manambala anayi omaliza ndi tsiku lobadwa: awiri oyamba sabata, awiri omaliza chaka. Mukaona 3520, ndiye sabata ya 35 m'chaka cha 2020. Nditawerenga anga ndinapeza kuti awiri akutsogolo anali atagona m'sitolo zaka pafupifupi zitatu ndisanawagule, pamene akumbuyo anali a chaka chomwecho. Masaizi osowa ngati awa sayenda malonda msanga, ndiye amakhalitsa pashelefu. Rabala amakalamba ngakhale asakuyenda. Michelin imalangiza kuti tayala likakwana zaka zisanu lizionedwa ndi katswiri chaka chilichonse, ndipo likafika zaka khumi lichotsedwe ngakhale mano alipo. Izi zimakhudza kwambiri galimoto zaliwiro, chifukwa zambiri zimatuluka Loweruka lokha, mano osatha koma rabala atauma. Ngozi imene inapha katswiri wa mafilimu Paul Walker ndi mnzake Roger Rodas pa 30 November 2013 ku California, mu Porsche Carrera GT, ofufuza anati inachitika chifukwa cha liwiro, koma anatchulanso kuti matayala a galimotoyo anali a zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi. Zaka zitatu za angawa si zoopsa, koma ndinalipira ngati atsopano, ndipo ndikanakonda kuuzidwa.

Kodi ndingawagulenso? Ndagula kale awiri akumbuyo, mtundu womwewu. Musandiseke. Kusakaniza mitundu kutsogolo ndi kumbuyo pa galimoto yotere kumasintha khalidwe lake pokhota, ndipo lole ija sindinaiiwale. Koma ulendo uno ndinawerenga DOT asanawaike, wogulitsa akundiyang'ana ngati ndamutukwana. Alayimenti ndinakapangitsa kwa bambo achikulire aja, ndipo anachepetsa kupendekera kwa kumbuyo mpaka kumalire amene opanga galimoto amalola, n'kukonza toe. Pakona galimoto yataya kaukali pang'ono, kamene ine pamsewu wa anthu sindikasowa. Anandiuza ndizibwera makilomita 5,000 aliwonse adzaone.

Mu buti tsopano muli kachiguduli kogwadira ndi tochi. Akutsogolo n'kosavuta, mumangopinda chiwongolero mpaka kumapeto, mbali yamkati n'kuonekera. Akumbuyo pamafunika kugona chammbali n'kulowetsa foni kuti ijambule. Loweruka lapitali aneba anandipeza ndili chigonere choncho n'kufunsa ngati ndataya makiyi. Chithunzi chinaonetsa mamilimita onse ali m'malo. Kampani ija mpaka lero sinayankhe kalata yanga yachitatu, ndipo tayala la mawaya lija ndalisunga kuseri kwa chitseko cha galaja podikira kuti mwina adzalifuna.