Mlatho wa Chiromo ndi wa Kamuzu: Iwiri Yowoloka Shire

Kuchigwa kuno simungaone mlatho wakale wa miyala yowumbika ngati uta, monga ya ku Ulaya. Mlatho wotere umakankhira kulemera kwake m'mbali, choncho umafuna thanthwe lolimba kugombe. Ife tili ndi dothi la makande ndi mchenga wobwera ndi madzi.

Wa ku Chiromo ndi wachitsulo, mwana wa njanji. Sitima inayamba kuyenda pakati pa Port Herald, yomwe lero ndi Nsanje, ndi Blantyre mu 1908, ndipo pa Chiromo, pomwe Ruo amathira mu Shire, mpamene inkawolokera. Zitsulo zake anazilumikiza mopingasapingasa kuti kulemera kwa sitima kugawikane mpaka kukafika pa zipilala. Ndimaukonda chifukwa mmene unamangidwira zimaonekera poyera. Koma mtsinje sunalimbane ndi chitsulocho, unangouzungulira. Mu 1997 madzi anakokolola mtumbira wa njanji cha ku Bangula, ndipo kuyambira pamenepo anthu opita ku Makhanga akhala akudalira mabwato pa Mtayamoyo. Dzinalo lokha likunena zonse.

Wa Kamuzu ku Chikwawa ndi wa konkire, wosakopa maso, koma ndiwo wanyamula msewu wa M1. Shuga wa ku Nchalo, thonje, ng'ombe, odwala opita ku Blantyre, zonse zimadutsa pamenepo zisanakwere mapiri a Thabwa.

Pa ntchito ya lero wa Kamuzu wapambana. Koma mtima wanga uli pa Chiromo, ndipo ndimafuna nditadzamvanso sitima ikulira pamenepo.