Nitriding, bokosi la makala, moto wa gasi kapena kuwotcherera: chitsulo chanu chikufuna khungu liti?

Chaka chatha, kugaya kutafika pachimake, mlamu wanga wa ku Katete anabwera kuno ku Chipata ndi crankshaft, shafiti yaikulu imene mapisitoni amazungulitsa, ya injini ya dizilo yoyendetsa chigayo chake. Inali itadyeka pokhala mabering'i. Tinaitumiza kwa opala, anachotsa 0.50 mm, tinagula mabering'i a saizi yomweyo n'kumanga. Injini inalira bwino ndithu. Miyezi inayi isanakwane, inayambanso kugogoda. Mlamu anati oilo ndi wachinyengo, ine ndinaloza chala opala aja. Tonse tinaphonya. Crankshaft ija inali youmitsidwa ndi nitriding, njira yolowetsa nayitirojeni m'khungu la chitsulo, ndipo khungu lake louma tinalisiya pansi pa makina opalira, lili fumbi.

Kuyambira pamenepo ndinaleka kufunsa kuti njira youmitsa kwambiri ndi iti. Ndimafunsa kuti kuumako kumalowa mpaka pati, komanso n'chiyani chikupha chitsulocho. Tisiyanitsenso mawu awiri amene timawasakaniza pa garaja. Kuuma ndi kukana kukandika ndi kudyeka. Kulimba ndi kupirira nkhonya osathyoka. Tupa ndi youma, koma igwetseni pa simenti muone. Sipuling'i ya lole ndi yolimba. Giya ndi shafiti zimafuna zonse ziwiri, khungu louma ndi mkati molimba, ndipo njira zinayi zimene ndikuyerekeza pano zonse zikusaka chimenechi.

Ndiyambe ndi nitriding, poti ndi imene inatipusitsa. Chitsulo amachiika m'ng'anjo yotseka, n'kulowetsamo mpweya wa amoniya pa kutentha kwa madigiri pakati pa 500 ndi 550. Kwa wosula zitsulo kumeneko si kutentha ayi, chitsulo chimakhala chisanafiire bwino n'komwe. Amoniya akakhudza chitsulo chotenthacho amagawanika, nayitirojeni n'kumalowerera pang'onopang'ono m'timipata ta chitsulo. Ntchitoyi imadya nthawi, maola 20, 40, mwina kupitirira 70, malinga ndi kuya kumene mukufuna. Ikatha, chitsulo chimangozizira chokha. Sachiviika m'madzi kapena mu oilo. Apa ndiye pagona ubwino wake waukulu: popeza sichinapse kufika posintha kayalidwe ka mkati, ndipo sichinadzidzimutsidwe ndi madzi, chimatuluka chowongoka monga chinalowera. Chimangofufuma pang'ono kwambiri, moti opanga amachisema kufika pa saizi yomaliza chisanalowe m'ng'anjo.

Mukachidula, n'kuchisalaza, n'kupaka mankhwala a nital (asidi wosakaniza ndi sipiriti), pa maikulosikopu mumaona zigawo ziwiri. Pamwamba penipeni pali kamzere koyera kamene mankhwalawo sakadetsa. Kameneka si chitsulo wambanso, ndi chitsulo chomangana ndi nayitirojeni, cha mitundu iwiri imene amaitcha epsilon ndi gamma prime. N'kopyapyala kuposa tsitsi, kawirikawiri sikapitirira 0.025 mm. Kamathandiza kuti zitsulo ziwiri zokhulana zisakandane ndi kumatirirana, komanso kamachedwetsa dzimbiri, koma kakakhuthala kamakhala ngati nkhoko za m'poto, kamasuka n'kumathothoka. Pansi pake pali chigawo chimene nayitirojeni anangolowerera, chakuya 0.1 mpaka 0.6 mm. Mphamvu yeniyeni ili m'menemu. Nayitirojeni akakumana ndi kolomiyamu, aluminiyamu, molybdenum kapena vanadium amene ali m'chitsulo, amapanga timibulu tating'onoting'ono tambirimbiri totsekereza chitsulo kuti chisasunthe mkati mwake. Chigawochi chimakhalanso chopanikizika, choncho mng'alu umavutika kuyamba. N'chifukwa chake opanga ma crankshaft amaikonda njirayi.

Mwaona kale msampha wake. Popanda zosakaniza zija, nayitirojeni alibe wopanga naye timibulu tija. Chitsulo wamba chimene timapangira mageti ndi mabagila, ngakhale chigone m'ng'anjo masiku atatu, phindu lake ndi lochepa. Mtundu wa chitsulo wotchedwa EN19, umene ena amaudziwa kuti 4140, umafika cha m'ma 550 mpaka 650 pa muyeso wa kuuma wa Vickers. EN40B, ya kolomiyamu wambiri, imafika cha m'ma 800. EN41B, ya aluminiyamu, imakhudza 1000 n'kupitirira. Zitsulo za aluminiyamu zamtunduwu zinachokera ku ntchito ya Adolf Fry wa kampani ya Krupp ku Germany, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Komanso chitsulo chiyenera kuumitsidwa ndi kufewetsedwa pang'ono chisanalowe, kuti mkati mukhale nyonga. Khungu la 1000 pa mkati mofewa ndi chikamba cha dzira basi, mukadina chimabooka.

Palinso mbale wake wa nitriding, woviika chitsulo mu mchere wosungunuka pa madigiri pafupifupi 570 kwa ola limodzi kapena atatu. Ambiri amaudziwa ndi dzina lakuti Tufftride. Khungu lake ndi lopyapyala kuposa la amoniya. Mcherewo uli ndi poizoni wa mtundu wa cyanide, choncho musayerekeze kuseri kwa nyumba.

Tsopano bokosi la makala, limene m'mabuku amati carburising. Iyi ndi njira ya makolo a ntchito, ndipo imayenda mosiyana kotheratu. Mumatenga chitsulo cha kaboni wochepa, monga EN36 kapena 8620, n'kuchikwirira m'makala osinja osakaniza ndi soda pang'ono, m'bokosi lachitsulo lomata ndi dothi. Mumawotcha pa madigiri 900 mpaka 950, pamene chitsulo chimafiira ngati lalanje. Pa kutentha kumeneku mkati mwa chitsulo mumasintha kayalidwe n'kusanduka austenite, imene imamwa kaboni mosavuta. Pakapita maola angapo khungu limakhala ndi kaboni pafupifupi 0.8 peresenti. Kenako mumachiviika mu oilo, khungu lija n'kusanduka martensite, timinga tothinana touma gwa. Kuuma kwake ndi 58 mpaka 62 pa muyeso wa Rockwell C, kutanthauza cha m'ma 700 pa Vickers. Pamenepa nitriding ya pa EN41B yapambana. Koma kuya kwa khungu la makala ndi 0.5 mpaka 2 mm, ndipo pamenepa makala abweza chipongwe. Dzino la giya ya thirakitala limalandira katundu yense pa kamalo kakang'ono, ndipo kupanikizako kumalowa mkati ndithu. Limafuna khungu lakuya. Ndicho chifukwa chake magiya ambiri a mu giyabokosi ndi difu amaumitsidwa ndi kaboni.

Mtengo wa njirayi ndi kupindika. Chitsulo chofiira chikagwera mu oilo sichizizira mofanana, ndipo shafiti yaitali imatuluka ngati nthochi. Muyenera kusiya nyama yoti mudzapale pambuyo pake. Chinanso, martensite imaopa moto. Ikatentha kupitirira madigiri 200 imayamba kufewa, pamene khungu la nitriding limasunga kuuma kwake mpaka kufupi ndi 500. Giya ikayenda yopanda oilo mpaka kusintha mtundu, yatha, ngakhale mano akuoneka athunthu.

Moto wa gasi sindichedwapo. Apa simuwonjezera kanthu m'chitsulo, kaboni ayenera kukhalamo kale, 0.4 peresenti kapena kuposa, monga EN8, EN9 ndi EN19. Mumatenthetsa pamwamba pokha mofulumira ndi tochi ya okosijeni ndi asetilini, n'kuthira madzi mkati musanatenthe. Kumafakitale amachita zomwezi ndi koyilo ya magetsi, ndiye induction imeneyo. Khungu limakhala 1 mpaka 5 mm, kuuma 50 mpaka 58 pa Rockwell C. Ubwino wake mumaumitsa pamene mukufuna pokha, monga pokhala bering'i kapena mano a sipuloketi. Vuto ndi dzanja. Tochi ikachedwa pakona, mng'alu. Ikathamanga, pamatsala pofewa.

Yachinayi ambiri sangaiwerengere m'gulu ili, koma kuno kwathu ndi imene imagwira ntchito tsiku ndi tsiku: kuwotcherera ndi ndodo zouma za hardfacing. Simusintha khungu la chitsulo, mumachivala lina, lokhuthala mamilimita angapo, lodzaza ndi timiyala ta kolomiyamu ndi kaboni. Silisalala, limakhala ndi timing'alu tating'ono, ndipo kutentha kwa welodi kumapinda zinthu zopyapyala. Koma khasu la pulawo lolima dothi la mchenga silifuna kusalala. Nyundo za m'chigayo chimodzimodzi. Mchenga ndi timiyala tobwera ndi chimanga zimadya chitsulo mamilimita, ndiye khungu la 0.3 mm, liume chotani, silingaone kukolola kwina. Munthu akakuuzani kuti nyundo zake n'zodula chifukwa ndi za nitriding, mufunseni kuti zidzatsala ndi chiyani khungulo likatha. Khungu lowotcherera likatha mumawotchereranso, bola muyeze nyundozo pa sikelo kuti zilemere mofanana, apo ayi chigayo chimanjenjemera mpaka kudya mabering'i.

Chondivuta kugamula ndi sikuluwu ya makina ofinyira mafuta a mpendadzuwa, amene achuluka kuyambira ku Petauke mpaka ku Lundazi. Imakhula, imatentha, ndipo imafuna saizi yeniyeni. Kutentha ndi saizi zikuloza ku nitriding. Koma mbewu zathu zimabwera ndi mchenga wa pabwalo popunthira, ndipo mchenga sulemekeza khungu lopyapyala. Ine ndimati gulani sikuluwu yatsopano youmitsidwa kufakitale, muzipeta ndi kusefa mpendadzuwa bwinobwino, ndipo ikadyeka muiwotcherere ndi ndodo zouma n'kuipala. Kungoti musanawotcherere, palani kaye khungu lakalelo mpaka lithe. Nayitirojeni wa m'khungumo akatenthedwa amatuluka ngati mpweya, welodi n'kukhala timabowo tokhatokha ngati chisa cha njuchi.

Tikayang'ana zimene tingathe ndi manja athu, nkhani imapendekeka kwambiri. Makala tili nawo, tochi ilipo, makina owotcherera ali pa ngodya iliyonse ku Kapata, kuno ku Chipata. Nitriding imafuna ng'anjo yosunga kutentha kumodzi kwa masiku awiri osadukiza, ndi amoniya woyezedwa bwino. Ndi kuzimazima kwa magetsi kumene tinaona mu 2024 madzi atatsika ku Kariba, ng'anjo yotere ikanangokhala chokongoletsa. Choncho kwa ife nitriding si ntchito yochita, ndi chinthu chimene timachipeza kale pa katundu amene tagula, ndipo udindo wathu ndi kusachiwononga. Shafiti ya pampu kapena sipindulo yofunikadi njirayi, konzekani kuitumiza kutali, ndipo muwauze eni ng'anjo dzina lenileni la chitsulocho. Akakupatsani chiwerengero cha kuuma, funsani kuti anayeza ndi chiyani. Rockwell C imadina ndi makilogalamu 150, imaboola khungu lopyapyala n'kuyeza za mkati. Khungu la nitriding limayezedwa ndi Vickers ya katundu wopepuka.

Za crankshaft, tsopano ndisanatumize kwa opala ndimatenga tupa. Ndimakhula pa tsaya lake, kutali ndi pokhala mabering'i. Tupa ikaluma patsaya koma n'kuterereka pokhala bering'i, ndiye kuti anaumitsa malo okhawo ndi induction, khungu ndi lakuya, ndipo kupala 0.25 kapena 0.50 mm nthawi zambiri kumatheka. Ikaterereka paliponse, chitsulo chonse chili chotuwa ngati phulusa, ndiye nitriding imeneyo. Yotere mukaipala iyenera kubwerera m'ng'anjo, kapena mungoipukuta pang'ono ngati sinadyeke kwambiri. Ya mlamu wanga inali itapyola pamenepo. Anagulitsa matumba a soya n'kugula ina, ndipo yakale ija ili pakhomo pa chigayo, amaimenya ndi sipanala poitana anyamata m'mawa.