Waranti yowonjezera kapena kusunga ndalama ya makaniko?

Mukagula galimoto yakale, ogulitsa ena amakufunsani ngati mukufuna kuwonjezera waranti, lomwe ndi pangano loti iwo adzalipira zokonzetsa galimotoyo ikawonongeka. Mulipire, kapena ndalamayo muisunge pambali kuti muzikonzetsa nokha?

Waranti zambiri zimateteza injini ndi giyabokosi basi. Koma zimene zimatha msanga kuno ku Thyolo si zimenezo. Misewu yokumbika ya m'maesiteti a tiyi, makamaka nthawi ya dzinja, imadya mashoko, mabushi ndi matayala, ndipo zonsezi mumalipira nokha chifukwa amati n'zotha ndi kuyenda. Nthawi zambiri amafunanso kuti sevisi muzipangitsa ku galaja yosankha iwo, kutanthauza ulendo wa ku Limbe kapena Blantyre. Mukasinthitsa oyilo kwa makaniko wa pa Luchenza popanda risiti, akhoza kukukanirani tsiku la vuto. Ngati Sienta yanu imanyamula anthu pakati pa Bvumbwe ndi Limbe, werengani pepala la warantiyo kawiri, poti mapangano ambiri sakhudza galimoto ya bizinesi.

Kusunga ndalama kulibe malamulo onsewa, ndipo zipangizo za Toyota sizisowa ku Limbe. Vuto n'loti ndalama yosunga imaitanidwa ndi fizi, feteleza ndi maliro. Kwachanso ikagwa, ngati mmene inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zimakwera mtengo pomwe ndalama yanu ili pomwepo.

Pa Probox wamba, ine waranti sindingalipire. Pa Aqua ndingaganize kaye, chifukwa batire lake la hybrid (galimoto yoyendera petulo ndi magetsi) ndi lodula zedi, bola likhale lolembedwa m'panganolo, osati lonjezo la pakamwa.