Muvi wa manifold pressure ukamavina: geji ina, engine monitor kapena makaniko?

Anzanga oyendetsa ndege zing'onozing'ono ngati Cessna 182 ndi 206 akhala akundifunsa funso limodzimodzi: muvi wa geji ya manifold pressure (mphamvu ya mpweya wa mu manifold, mapayipi olowetsa mpweya mu injini) ukayamba kuvina, ndalama ziyambire pati? Njira zimene anthu amalimbirana ndi zitatu. Ena amati gula geji ina, ena amati ika engine monitor, chida choonetsa mmene injini ikuyendera mwa manambala, uiwale za mivi, ena amati lipira makaniko afufuze payipi yochokera ku injini kupita ku geji. Ine ndili kumbali ya makaniko, ndipo njira yoyambayo ndili nayo mangawa.

Musanatulutse tambala, yang'anani gejiyo injini ili chozima. Imayenera kuonetsa mphamvu ya mpweya wa pamalo pamene mwaimapo. Kugombe la nyanja yamchere ndi pafupifupi mainchesi 29.92, ndipo imatsika ndi inchi imodzi pa mapazi 1,000 aliwonse amene mwakwera. Pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe, lomwe lili pamtunda wa mapazi oposa 4,000 pang'ono, muvi uzikhala cha pa 26. Ku Chileka uzikhala cha pa 27. Ukaima pamenepo bwinobwino, geji yakhoza kale mayeso oyamba. Yang'ananinso RPM, liwiro limene injini ikuzungulira, muli m'mwamba. Ngati nayonso ikukwera ndi kutsika, wolakwa akhoza kukhala governor, chipangizo chosunga liwiro la propela pamodzimodzi, ndipo geji ikungonena zimene zikuchitikadi.

Tsopano za geji ina. Pa 182 imene timagwiritsa ntchito ndi anzanga, muvi unkanjenjemera tikachepetsa throttle, chowonjezera ndi kuchepetsa mphamvu ya injini. Wogulitsa zipangizo wina wa kunja, atangomva zizindikiro pa foni, anati mosakayika geji yatha, ndipo ali nayo yokonzedwanso, yamapepala ake onse, pamtengo wooneka wabwino. Mtengowo unali wabwinodi. Chimene sanachitchule momveka ndi core charge, ndalama ya chikole imene amakulipiritsa pamwamba n'kulonjeza kukubwezera ukawatumizira geji yakaleyo pasanathe nthawi imene aika.

Kwa munthu wa ku Texas zimenezi n'zosavuta, amangoponya kabokosi ku positi. Kwa ife kuno ndi nkhani ina. Madola uwasake kubanki, ulipire ndalama yotumizira katundu, ulipire msonkho pa geji yobwerayo, kenako ulipirenso kutumiza yakaleyo kutsidya la nyanja, uku masiku a chikole akutha. Yathu itafika anatiyankha kuti mkati mwake ndi mowonongeka moti singakonzedwe, choncho chikole sichibwerera chonse. Tikanatsutsa bwanji chinthu chimene chili m'manja mwawo, kutali chonchija? Chimene chimandiwawabe mpaka lero n'chakuti geji yatsopanoyo itamangidwa, muvi wake unkavina chimodzimodzi ngati wakale. Geji imene anati ndi yowonongeka ija inkanena zoona nthawi yonseyi. Tinasintha sikelo pamene thumba ndilo linali lobooka.

Sindikunena kuti geji siifa. Imafa ndithu, makamaka yakale kwambiri: muvi umakakamira, umadumpha ukagogoda galasi, kapena umaonetsa zolakwika injini ili chozima. Koma munthu wokugulitsa geji asanakufunse ngakhale funso limenelo sakukuthandiza.

Engine monitor, kaya ya JPI, ya Electronics International kapena Garmin GI 275, ndi chida chabwino ndipo ndimachikhumbira. Ubwino wake waukulu ndi wakuti imasunga zonse zimene injini yachita. Mukatsika mumaika manifold pressure pambali pa RPM ndi EGT (kutentha kwa utsi wotuluka) ya silinda iliyonse, n'kuona ngati zikusinthira limodzi. Silinda imodzi ikamasiyana ndi zinzake pa mphamvu yochepa, mwadziwa poyambira. Koma kuigula ngati mankhwala a muvi wovina n'kuwononga ndalama. Sensa yake imalandira mpweya kuchokera pamalo omwewo, nthawi zambiri kudzera pa payipi yomweyo, ndiye payipi ikakhala yong'aluka manambala adzavina m'malo mwa muvi. Imabweranso ndi mawaya ndi mapulagi ake amene akhoza kumasuka. Onjezani mtengo woimangira, mapepala a STC (chilolezo chosinthira chipangizo pa ndege) ngati ikulowa m'malo mwa geji zoyambirira, ndi masabata amene ndege ikhale pansi. Igulani chifukwa mukufuna kuidziwa bwino injini yanu.

Makaniko wovomerezeka amene anatithandiza pomaliza sanakhudze n'komwe gejiyo. Anayamba ndi mafunso. Muvi umavina pa mphamvu iti? Injini imamveka bwanji nthawi imeneyo? Mafunso amenewa ali ndi chifukwa. Throttle ikatsekedwa, mpweya wa mu manifold umakhala wochepa kwambiri poyerekeza ndi wakunja, choncho kamng'alu kalikonse kamayamwa mpweya mwamphamvu ndipo muvi umakwera kuposa pamene umakhala masiku onse. Kugwedezeka kwa injini kumatsegula ndi kutseka kamng'aluko, muvi n'kumavina. Mukatsegula throttle yonse pa injini yopanda turbo, mkati ndi kunja zimatsala pang'ono kufanana, vuto n'kubisala. Ngati injini ikulira mosalala pamene muvi ukuvina, kayikirani payipi yopita ku geji. Ngati ikutsokomola pa idle (throttle ili yotsekedwa), mpweya wakunja ukulowa mu induction momwemo, njira yopititsa mpweya ku masilinda, mwina pa timapayipi ta labala tolumikizira tomwe pa Continental O-470 timauma ndi ukalamba, kapena pa gasiketi ya silinda.

Iye anamasula payipi mbali zonse ziwiri asanapopemo mpweya, chifukwa mpweya wa kompulesa ukalowa mu geji umaiwononga nthawi yomweyo. Mu payipimo munatuluka timadontho ta oyilo wosakanikirana ndi mafuta, tabuluu ndi utoto wa 100LL, mafuta a ndege. Zimenezo pazokha zimachititsa muvi kuchedwa kenako n'kudumpha. Atayang'ana kumapeto kwa payipiyo, pafupi ndi nati ya ku injini, anapeza mng'alu wopyapyala ngati tsitsi. Anayesanso induction yonse poupiramo mpweya wochepa ndi kupakapo thovu la sopo, ndipo inalibe vuto. Ntchito yonse inatha tsiku lomwelo, ndipo malipiro ake pamodzi ndi payipi yatsopano sanafike pa chikole chimene tinataya chija.

Njira imeneyi nayo ili ndi pofooka. Vuto likamachitika m'mwamba mokha, makaniko akhoza kutha maola ambiri osapeza kanthu, ndipo maolawo mulipira. Pamenepo kumujambulira kavidiyo ka geji ndi RPM pamodzi kumathandiza kwambiri. Pa ndege ya turbo ngati T206 muli zambiri zoti aone, monga wastegate (valavu yolamulira utsi wopita ku turbo) yokakamira, ndiye pamafunika makaniko wozolowera injini zotero.

Chimodzi chokha musachiyike m'gulu la mavuto a geji. Pa 182 ya kabuleta, muvi ukamatsika pang'onopang'ono RPM ili pamodzimodzi, makamaka kunja kuli chinyezi, ganizirani za ayezi mu kabuleta ndipo kokani carb heat, chotenthetsera mpweya wolowa mu kabuleta, nthawi yomweyo. Za payipi mukakambirana ndi makaniko mukatera.